Kuphika Chigumu, Zitumbuwa ndi Masikono Pano pa Kampu Popanda Uvuni

Kunjaku kukuzizira ndipo ena mwasiya ana m'matenti, choncho sindikusungani nthawi yaitali. A komiti andipempha kuti ndilankhule za kaphikidwe ka chigumu, zitumbuwa ndi masikono pano pomwe tili, popanda uvuni. Mawuwa alembedwanso m'kalata yathu ya nkhani kuti amene sanabwere awerenge, ndipo amene sadziwa kuwerenga awerengeredwe.

Mwina wina mumtima akuti, “Anthu atithamangitsa, katundu wathu wapita, za mawa sitikuzidziwa, ndiye mayi uyu akutibweretsera nkhani ya zitumbuwa?” Funsolo ndi lomveka. Chiyambireni zipolowe ku Alexandra pa 11 May 2008, anthu oposa 60 ataya miyoyo ndipo zikwizikwi tathawa m'nyumba zathu. Tinayamba tagona ku polisi ndi m'maholo, lero tili m'matenti, ife kuno, anzathu ena ku Rand Airport, ena ku Boksburg. Zonsezi sindikuzichepetsa. Koma ndili ndi zifukwa zitatu zimene ndikuonera kuti nkhani ya m'poto ndi yofunika lero.

Choyamba ndi ana. Tikuthokoza a Red Cross, a Gift of the Givers, mipingo ndi mizikiti potipatsa chakudya. Komabe inu amayi mukudziwa kuti mwana amene waona zoopsa amataya chilakolako cha chakudya. Amaluma buledi kamodzi n'kumusiya. Mwana yemweyo mukamupatsa chitumbuwa chotentha chonga chimene ankadya kunyumba, amadya mpaka kunyambita zala. Nyengo yozizira ino thupi limafuna chakudya chambiri kuti lizitenthedwa, ndiye mwana wosadya sachedwa kudwala.

Chachiwiri ndi ndalama. Mu 2008 zakudya zinakwera mtengo dziko lonse lapansi, ndipo buledi wa kuno anali atakwera kale. Mu November 2007 kampani ya Tiger Brands, imene imapanga buledi wa Albany, inalipitsidwa chindapusa cha pafupifupi R99 miliyoni chifukwa chopangana mitengo ya buledi ndi makampani ena. Tsono tiyeni tiwerengere limodzi. Paketi ya fulawa ya makilogalamu awiri ndi theka imatulutsa makapu pafupifupi 20. Makapu awiri amatulutsa masikono 8. Ndiye kuti paketi imodzi ndi masikono pafupifupi 80. Mabanja anayi akasonkherana, aliyense wapeza chomwera tiyi cha masiku angapo.

Chachitatu ndi mawa. Mu 2008 boma la chigawo cha Gauteng linanena kuti makampuwa ndi a miyezi iwiri yokha. Ena mwalembetsa kale mabasi opita kumudzi, ena mubwerera m'malokeshoni. Kulikonse kumene mupite, luso la m'manja silifuna pasipoti. Munaona amayi ogulitsa amagwinya m'mamawa pa renki ya Noord ndi ya Bree. Amagwinya ndi mbale wake wa mandasi athu, ndipo amayi amenewo amaphunzitsa nawo ana sukulu.

Ndiyambe ndi ufa, chifukwa ambiri amene ayesa kuphika chigumu kuno amadandaula kuti chimatuluka chokhala ngati chili ndi mchenga. Ufa wa m'mapaketi monga Iwisa, Ace ndi White Star, umene amalemba kuti super, ndi woyera bwino koma si wosalala ngati ufa wathu wonyika m'madzi n'kupita nawo kuchigayo. Ndi wa timiyala pang'ono, ndipo umachedwa kumwa madzi. Mankhwala ake ndi osavuta: usanalowe m'poto, uyambe wanyowa m'chambiko kapena mumkaka kwa mphindi 20. Ukatero umafewa ndipo chigumu chimagwirana. Mukapeza wolembedwa kuti special kapena sifted, tengani, chifukwa ndi wotsika mtengo ndipo uli pafupi ndi mgaiwa.

Dziwaninso kuti kuyambira mu October 2003, lamulo la dziko lino limakakamiza kuti ufa wa chimanga ndi fulawa ya buledi zizithiridwa vitamini A, mavitamini a gulu la B, ayironi ndi zinki. Fulawa ya makeke, yolembedwa kuti cake flour, sinaphatikizidwe m'lamulo limeneli pamene linkakhazikitsidwa. Ndiye pophikira ana, fulawa ya buledi kapena ufa wa chimanga ndi zopindulitsa kuposa fulawa ya makeke, ngakhale iyo imatulutsa zofewa.

Tsopano, n'chiyani chimafufumitsa chigumu? Zinthu zitatu zimasokoneza anthu: yisiti, soda ndi baking powder. Yisiti ndi chamoyo, chimafuna malo ofunda ndi nthawi yaitali. M'kuzizira kwa June uno mukhoza kudikira theka la tsiku mtanda osafufuma. N'chifukwa chake lero yisiti ndikumusiya pambali. Soda ndi yemwe uja timathira ku therere, amene agogo athu m'malo mwake ankagwiritsa ntchito chidulo. M'sitolo amalembedwa kuti bicarbonate of soda. Iyeyu payekha sagwira ntchito. Amafuna chinthu chowawasa, ndipo akakumana nacho amatulutsa timpweya timene timakweza mtanda. Chowawasacho ndi chambiko, chimene kuno amati amasi, monga Inkomazi ija, kapena mandimu, kapena viniga. Ngati mulibe amasi, thirani supuni yaikulu imodzi ya madzi a mandimu kapena viniga m'kapu ya mkaka, dikirani mphindi 10, mwapeza chambiko. Mkaka waufa wosungunula umatheka chimodzimodzi. Baking powder ndi soda amene anamusakaniza kale ndi chowawasa chake, ndiye amangofuna madzi ndi moto. Fulawa yolembedwa kuti self-raising ili kale ndi baking powder, musawonjezerenso.

Soda akachuluka, chigumu chimachita chikasu chodera, chimanunkha ngati sopo ndipo chimawawa. Musayeze ndi maso. Ndikati kapu ndikunena ya mamililita 250, supuni ya tiyi ndi mamililita 5, supuni yaikulu ndi mamililita 15, ndipo supuniyo muzisalaza pamwamba ndi mpeni, isachite phiri. Ngati mukukayika kuti baking powder wanu ndi wakale, thirani pang'ono m'madzi otentha. Akachita thovu ndi wamoyo, akangoti zii mutayeni, musawonongere fulawa.

Pali chinthu china chimene ambiri sitichiganizira. Johannesburg ili pamwamba kwambiri, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita ongopitirira pang'ono 1,000, ndipo nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470. Pamalo okwera chonchi mpweya ndi wopepuka, ndiye madzi amawira asanatenthe kwenikweni, pa madigiri pafupifupi 94 m'malo mwa 100. N'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kuno. Si kuti nyembazo ndi zokhwima ayi. Pa chifukwa chomwecho mtanda umafufuma msanga, ndipo ukafufuma mopitirira umagwa pakati. Ndiye inu a ku Mangochi, Salima, Nsanje ndi Tete, chepetsani pang'ono soda amene munazolowera kwanu, ndipo onjezerani supuni imodzi kapena ziwiri za mkaka, poti mphepo ya kuno ndi youma ndipo ufa umakhala ndi ludzu.

Tiyeni tiphike chigumu, chimene ena mumati chikondamoyo. Tengani makapu awiri a ufa wa chimanga, muthire kapu imodzi ya amasi, mutakase, musiye mphindi 20 zija. Podikira, kanyani nthochi zinayi zakupsa kwambiri. Zimene makoko ake ayamba kuda, zimene ogulitsa amatsitsa mtengo madzulo, ndizo zabwino, chifukwa zimatsekemera ndipo shuga amalowa wochepa. Thirani nthochizo mu ufa, kenako supuni zazikulu zitatu za mafuta ophikira, supuni zazikulu ziwiri za shuga, theka la supuni ya tiyi ya mchere, ndi dzira limodzi ngati lilipo. Mukakhala ndi fulawa, theka la kapu limathandiza kuti chisamanyenyeke. Soda alowe pomalizira, supuni ya tiyi imodzi yoperewera pang'ono, mutamusungunula m'timadzi tochepa. Zikhale zolimba ngati phala logwira, zosati zamadzimadzi.

Mukangothira soda, musapite kukacheza. Poto akhale atapakidwa kale mafuta, moto utayaka kale. Thirani m'poto mpaka theka lokha, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo chopanda chogwirira chapulasitiki. Chinsinsi cha amayi athu ndi ichi: moto wochepa pansi, moto wambiri pamwamba. Pansi siyani makala owerengeka okutidwa ndi phulusa, ena onse muwaike pa chivundikiro. Musavundukule mphindi 30 zisanakwane. Pa mphindi 40 kapena 45 bayani pakati ndi mpeni. Ukatuluka wouma chapsa. Chisiyeni chipole pang'ono musanachidule, apo ayi chiphwasuka. Ngati poto wanu ndi wopyapyala, thirani mchenga woyera wokuya zala ziwiri m'poto wamkulu, muutenthe, muikemo poto wa chigumu uja, muvundikire. Mchenga umagawa moto bwino, ndipo pansi sipapserera.

Zitumbuwa ndiye zachangu kuposa zonse. Nthochi zitatu zokanya, kapu imodzi ya ufa wa chimanga, kamchere, ndi soda wongotsina ndi zala. Siyani mphindi 15 ufa umwe madzi a nthochi, soda muthire pomaliza. Umbani timibulu tating'ono, mutiphwatalitse pang'ono kuti m'kati mupse. Yesani mafuta podonthezamo kachidutswa. Kakamira n'kukhala pansi, mafuta sanatenthe ndipo zitumbuwa zidzangomwa mafuta. Kakada nthawi yomweyo, atenthetsa, ndipo kunja kudzapserera m'kati muli mwauwisi. Kakakwera pamwamba kakuchita thovu pang'onopang'ono, yambani. Mafuta akada n'kuyamba kununkha, musawabwerezenso.

Masikono safuna mafuta okazingira, ndiye ndi opulumutsa. Makapu awiri a fulawa ya self-raising, kapena fulawa wamba ndi supuni za tiyi zitatu za baking powder. Thiranimo kamchere ndi supuni zazikulu ziwiri za shuga. Tikitanimo ndi nsonga za zala supuni zazikulu zinayi za majarini, kaya Rama kaya Stork, mpaka zioneke ngati nyenyeswa za buledi. Thirani amasi kapena mkaka wosadzaza kapu, musonkhanitse mtandawo. Apa mverani bwino: musakande ngati wa mandasi a yisiti. Mukakanda kwambiri mutulutsa miyala yoti n'kugendera galu. Phwatalitsani ndi dzanja kuti ukhale wochindikala zala ziwiri, dulani ndi kapu, ikani m'poto wouma wowaza fulawa pansi, vundikirani, moto wochepa. Mphindi 7 kapena 8 mbali imodzi, mutembenuze, mbali inayo chimodzimodzi. Inu okwera basi, masikono amenewa ndiwo kamba wabwino. Ulendo wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza umatha masiku, ndipo sikono siwonongeka msanga ngati chigumu cha nthochi. Ingodikirani apole musanawamange m'pepala, chifukwa akachita thukuta amachita nkhungu.

Palinso chimene ndaphunzira kwa anthu a dziko lino, pakuti si onse amene anatithamangitsa. Ambiri anatibisa ndi kutidyetsa. Azulu ali ndi buledi wophika ndi nthunzi amene amati ujeqe, ndipo ena ali ndi dombolo. Amafanana ndi mkate wathu wa m'masamba a nthochi. Tengani mtanda wa masikono uja, muufewetse pang'ono ndi mkaka, muuike m'bakuli lachitsulo lopaka mafuta. Bakulilo likhale m'poto wa madzi owira ofika theka lake, muvundikire zolimba. Uwire ola lathunthu, ndipo chifukwa cha kukwera kwa malo kuja, onjezerani mphindi 10. Madzi akaphwa, onjezerani otentha, osati ozizira. Ubwino wake ndi wakuti supserera, ndipo umatheka pa sitovu ya palafini. Ena amaphikira m'jumbo ya pulasitiki, koma jumbo sinapangidwire moto. Gwiritsani ntchito bakuli. Chitini chimene munali penti kapena mankhwala musachiyandikize ku chakudya, ngakhale mutachitsuka chotani.

Buledi amene timalandira akauma, musamutaye. Menyani dzira limodzi ndi theka la kapu ya mkaka, viikanimo zidutswa, kazingani ndi timafuta tochepa. Kapena munyenyeni, musakanize ndi nthochi, mkaka ndi kashuga, muphike ndi nthunzi ngati ujeqe. Koma buledi amene wachita nkhungu, wobiriwira kapena wa timadontho takuda, ameneyo ndi wotaya yense. Kudula poola pokha sikuthandiza, chifukwa mizu ya nkhungu imalowerera m'kati mosaoneka.

Kwa ana aang'ono, phala la m'mawa likhale ndi mphamvu. Nsinjiro kuno n'zosowa, koma supuni ya chiponde cha m'botolo imagwira ntchito yomweyo. Mbatata ikapezeka, futali ndi chipondecho amakoma ngati wa kumudzi. Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha, osamupatsa tiyi, phala kapena chitumbuwa. Ndipo tonse tisambe m'manja ndi sopo tisanagwire mtanda, makamaka tikachoka kuchimbudzi kapena tikasintha mwana thewera. Pamene anthu tathithikana chonchi, matenda otsegula m'mimba akalowa m'tenti imodzi safunsa njira yopita kwa oyandikana nawo.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndikupempha kuti ngakhale muiwale zonse, iyi yokha muisunge. Moto umene uphike chigumu ndi womwewo ungatiphe. Musalowetse mbaula m'tenti, kaya pophika kaya pothawa kuzizira. Makala akamayaka pamalo otseka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, ndipo sutsamwitsa ngati utsi. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, n'kugona osadzukanso. Chaka chilichonse nyengo yozizira mabanja amafa motere m'dziko lino, ndipo anthu a kuno amaidziwa bwino ngoziyi, poti iwonso mbaula amaitcha imbawula. Makala ooneka ngati azima amakhala akutulutsabe mpweyawu. Mukapeza munthu wafooka pafupi ndi mbaula, mutulutseni panja msanga, muitane a chipatala. Nambala ya ambulansi ndi 10177, ndipo pa foni ya m'manja 112 imalowa ngakhale mulibe mayunitsi.

Chinanso, matenti athu ayandikana, ndipo tenti ikagwira moto imatha munthu asanatunge ndowa. Tiphikire pamalo okhawo amene akuluakulu a kampu avomereza, kutali ndi zingwe ndi zofunda, ndowa ya mchenga ili pambali. Mafuta akayaka m'poto musathire madzi, chifukwa moto umalumpha n'kukupsereza nkhope. Vundikirani ndi chivundikiro, muzimitse sitovu. Mwana asakhale kumsana pamene mukukazinga, mupatseni mnzanu akugwirireni. Wina akapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Osapaka mankhwala otsukira mano, majarini kapena dzira. Palafini musasunge m'botolo la zakumwa, poti mwana amayesa madzi. Akamwa, musamusanzitse ndipo musamupatse mkaka kapena china chilichonse. Thamangani naye kwa a chipatala a pano pa kampu.

Ndiye tichita bwanji, popeza mapoto ndi ochepa ndipo ambiri tinathawa ndi zovala za m'thupi zokha? Mutu umodzi susenza denga. Pempho langa ndi lakuti matenti asanu aliwonse apange gulu limodzi. Wina ali ndi poto, wina mbaula, wina kandalama ka fulawa, wina alibe kanthu koma ali ndi manja ndi luso. Ameneyonso ndi membala wathunthu. Gulu lisankhe munthu mmodzi wolemba zosonkha ndi wina woyang'anira moto mpaka uzimitsidwe. Pogawa tiyambe ndi ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, okalamba, ndi odwala amene akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, chifukwa mankhwala pamimba yopanda kanthu amafoola. Pakati pathu pali abale achisilamu ambiri. Tigwiritse ntchito mafuta a mbewu okha, ndipo poto wa gulu asaphikidwiremo nkhumba, kuti aliyense adye ndi mtima umodzi.

Abambo, musaseke kumbuyoko. Ambiri a inu mwakhala kuno ku Joni zaka muli nokha, mukudziphikira, ndipo ena mwagwira ntchito m'makhitchini ndi m'mabekale a ku Fordsburg ndi Mayfair. Luso limenelo litulutseni. Anyamata amene akungokhala tsiku lonse abwere aphunzire, chifukwa kukhala chabe kumabala maganizo oipa.

Lamlungu pa 6 July 2008 dziko la Malawi likwanitsa zaka 44 lili pa ufulu wodzilamulira. A komiti akavomera, gulu lililonse lidzaphike chimodzi mwa zimene ndatchulazi, tidzadyere pamodzi masana. Tidzaitane anzathu a ku Mozambique, Zimbabwe, Congo ndi ena onse amene tili nawo pano, alonda a pachipata, ndi anthu a dziko lino amene amabwera kudzatithandiza. Akhala akutigawira tsiku ndi tsiku, tsiku limenelo tidzawagawireko ndife.

Mawa nthawi ya 10 koloko m'mawa ndidzakhala pamalo ophikira ndi poto mmodzi, kuti amene akufuna aone ndi maso mmene moto wa pamwamba umaikidwira. Amene muli ndi nthochi zoyamba kuda musazitaye, mubwere nazo. Amene kwanu mumaphika mosiyana ndi mmene ndanenera, bwerani mutiphunzitse, poti chigumu cha ku Dedza si cha ku Mulanje. Ngati pali mafunso ndiyankha tsopano.